Ochemerera mpira a ku Nthalire ndi anzawo a ku America

Munthu wokonda mpira amene akhala ku Nthalire, kumwera kwa boma la Chitipa kufupi ndi mapiri a Nyika, mpira waukulu amaudziwa ndi makutu koposa ndi maso. Pakuti mabwalo otchuka ali kutali, msewu wopita ku boma kapena wodzera ku Nyika kutsikira ku Rumphi umasautsa m'dzinja, ndipo chimene chimamfikira msanga Loweruka ndi Lamulungu masana ndi mawu a muulutsi pa wailesi. Atate ake anakula akumva Steve Liwewe Banda pa MBC akusimba za Bullets ndi Wanderers, ndipo mwa ichi anthu olankhula Chitumbuka, ena mwa iwo osapondapo pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre chibadwire, anagawikana kalekale, awa Maule, awo Manoma, namatchulana "Neba" mwachipongwe chaubale monga ngati anakulira ku Ndirande. Ana awo aonjezapo Arsenal, Chelsea ndi Manchester United, amene amawaonera m'tinyumba ta vidiyo tamagetsi a sola, atalipira pakhomo.

Tsono kutsidya kwa nyanja, ku America, kuli anthu amene mtima wawo umapsa ndi masewero monga momwe upsera wathu, ngakhale kuti mpira wawo waukulu ndi wina, wosongoka mbali zonse ziwiri, umene amuna ovala zisoti amathamanga nawo m'manja nagwetsana pansi. Ligi yawo ya NFL ili ndi matimu 32, ndipo timu iliyonse imasewera masewero 17 kuyambira mu Seputembala kufikira kuchiyambi kwa Januwale. Koma amene watsogola pa mndandanda pakutha pa masewero onsewo sapatsidwa ufumu ayi. Amasankhapo matimu 14 kuti alowe m'ndime ya chipulula, mmene wogonja kamodzi amapita kwawo, kufikira atatsala awiri okakomana mu Febuluwale pa masewero otchedwa Super Bowl, amene anayamba mu 1967 ndipo kuno kwathu amayamba cha m'ma 1:30 usiku, anthu a ku Nthalire ali m'tulo. Kuwawa kwa dongosolo limeneli kunaoneka bwino m'nyengo ya 2007, pamene New England Patriots inapambana masewero ake onse a mu ligi, amene nthawiyo anali 16, osagonja ngakhale amodzi, nkupambananso awiri a chipulula, koma pa tsiku lotsiriza inagwa 17 kwa 14 pamaso pa New York Giants. Ndipo m'mabuku a akatswiri, chaka chimenecho chinalembedwa m'dzina la Giants.

Wochemerera wa kwathu akamva nkhani yotere amapukusa mutu, ndipo ine ndili kumbali yake. Ife tinazolowera kuti ukatswiri wa ligi uli ngati nkhokwe, imene siidzala ndi tsiku limodzi la khasu koma ndi thukuta la dzinja lonse: matimu 16 a mu Super League amakomana kawirikawiri, kwawo ndi koyenda, mapointi namaunjikana pang'onopang'ono, kotero kuti pamene Bullets inatenga ligi kasanu kotsatizana kuyambira 2018 kufikira 2023, kapena pamene Silver Strikers inaithyola mwendo mu 2024, ngakhale mdani wouma mtima sakanati zinangochitika mwamwayi. Chipulula tili nacho ndithu, m'zikho za Airtel Top 8, FDH Bank ndi Castel, ndipo timachikonda chifukwa cha mapenate ake oimitsa mtima. Koma timachiyesa ndiwo, osati nsima, ndipo timu yotenga chikho ili pa nambala 10 mu ligi palibe amene amaitcha mfumu ya dziko.

Komatu pali chinthu china chimene Mmereka sachidziwa konse, ndicho nkhwangwa yodula matimu a kumunsi. Mu NFL timu ingagonje chaka chonse, koma chaka chamawa idzakhalamobe, ndiponso, chodabwitsa, ndiyo imayamba kusankha pakati pa anyamata aluso otuluka m'makoleji, kuti wofooka alimbitsidwe. Kulira kwa wochemerera wa kumeneko nkwaphokoso, amaswa mbale nazima kanema mwaukali, koma ndi kulira kwa munthu wodziwa kuti Seputembala akubwera ndipo malo ake ali chikhalire. Munthu wa ku Chitipa waona zina. Chitipa United inakwera kuchokera mu ligi ya m'chigawo cha kumpoto ya Simama nilowa mu Super League mu 2017, inatsika, inabweranso, ndipo mu 2023 inatsiriza pa nambala 4, kumbuyo kwa zimphona zitatu zokha za ku Blantyre ndi Lilongwe. Pa zaka zotere wochemerera amaphunzira kuwerenga mndandanda kuyambira pansi, amatchera khutu ku zotsatira za matimu amene sawakonda nkomwe, ndipo chigoli chogoletsedwa ku Mulanje kapena ku Dedza chingamulande tulo. Kuonjeza apo, masewero otchedwa apakhomo timuyi inkasewerera pa bwalo la Karonga, makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Chitipa boma. Wa ku Nthalire tsono, kuti akaone timu yakwawo ili "pakhomo", ankayenera kuyamba walipira ulendo wautali wa m'fumbi asanaugwire nkomwe msewu wa tala.

Tisawayese Amereka opanda chisoni chawochawo. Timu kumeneko ndi chuma cha mwini wake, ndipo mwiniyo akaona phindu kwina amainyamula yonse: mu 1984 Colts inachoka ku Baltimore usiku, katundu ali m'malole, nikakhazikika ku Indianapolis, ndipo mu 2020 Raiders inasiya Oakland kupita ku Las Vegas. Kwathu timu imasintha dzina potsata woidyetsa, lero Bata, mawa Total, mkuja Bakili kapena Nyasa, koma Maule ali pomwepo ndi malaya awo ofiira.

Kumene ndiwachitira kaduka anthu a ku America ndi ku mpira wa basketball wa m'makoleji. Masewerowa anawayambitsa James Naismith mu 1891 ku Springfield, m'chigawo cha Massachusetts, pofuna kuti ophunzira apeze chochita m'nyumba nthawi yachisanu. Ndipo mpikisano wa makoleji, umene unayamba mu 1939 ndi matimu 8, unakula kufikira matimu 68 opululana m'mwezi wa Malichi ndi kuchiyambi kwa Epulo. M'masabata amenewo ntchito m'maofesi imayenda mwaulesi, anthu amalemba pa pepala maulosi awo a amene adzapambane ndime iliyonse, ndipo ngakhale Barack Obama ali pampando ankalemba ake poyera pa kanema. Chokometsa zonse nchakuti Davide amakomana ndi Goliati maso ndi maso: mu 2018 koleji yosatchuka ya UMBC, yoikidwa kumapeto kwenikweni m'gulu lake, inagonjetsa Virginia, yoikidwa patsogolo pa onse, 74 kwa 54, chinthu chimene chinali chisanachitikepo pakati pa amuna. Nkhalamba ya imvi imalira misozi chifukwa cha ana a zaka 19 amene sinawaonepo, pakuti avala dzina la sukulu imene inaiphunzitsa, kapena la tauni imene inaibala.

Chikondi chotere si chachilendo kwa ife. Pitani pa bwalo la sukulu lililonse la ku Nthalire kapena ku Wenya tsiku limene midzi iwiri ikomana, mudzaone mizere yolembedwa ndi phulusa kapena laimu, amayi akuthamangira m'bwalo ndi nthungululu chigoli chikalowa, anyamata akunong'onezana za mankhwala amene akuti akwiriridwa pagolo, ndi woyimbira mpira akuyang'anayang'ana njira yothawira. Apo goloboyi akaphonya, wochemerera satukwana mosasamala, chifukwa amake a mnyamatayo aima pambali pake, ndipo mawa adzakomana kuchigayo. Chimene chisowa ndi makwerero. Ku America mwana waluso amachoka ku sekondale kupita ku koleji, ku koleji kupita ku ligi yaikulu, akuonedwa pa sitepe iliyonse. Kwathu zikho za m'midzi zambiri zimabwera ndi ofuna mavoti, yunifolomu ndi mipira zili m'manja, ndipo chisankho chikapita nazonso zimazilala. Chikho cha Pulezidenti cha m'masiku a Bingu wa Mutharika, chimene chinkayambira m'maboma kukwera kufikira dziko lonse, chinayesa kumanga makwerero otere, koma sichinakhalitse. Kuona maso a nkhono nkudekha, anatero akale, ndipo kudekha kumeneko othandiza masewero a m'midzi sanakhale nako.

Ngakhale zili choncho, ena amabooleza. Gabadinho Mhango, amene chigoli chake chakutali chomwetsa Morocco mu Januwale 2022 chinadzutsa dziko lonse ngakhale Flames inagonja 2 kwa 1, anabadwira ku Chiweta. Ndipo Temwa Chawinga, wa m'boma lomwelo la Rumphi, kuseri kwa Nyika, tsopano ali pansi pa malamulo a chipulula cha Amereka amene. Mu 2024 anagoletsera Kansas City Current zigoli 20 mu ligi ya amayi ya NWSL, kuposa wina aliyense m'mbiri ya ligiyo pa nyengo imodzi, nasankhidwa wosewera wopambana onse. Koma m'ndime ya matimu anayi timu yake inagwa 3 kwa 2 kwa Orlando Pride, mmene munali Barbra Banda wa ku Zambia, ndipo patapita sabata imodzi Banda yemweyo anagoletsa chigoli chotengera chikho pa bwalo la Kansas City lomwelo limene Temwa amasewerera.