Okosijeni wopanikizidwa: mankhwala a poizoni wa mbaula

CHIPINGE - M'nyengo yozizira, mbaula yamakala yosiyidwa m'nyumba yotseka ingathe kupha banja lili m'tulo, ngakhale m'minda ya tiyi ya kuno ndi ku Honde Valley. Makala amatulutsa carbon monoxide, mpweya wosanunkha umene umalanda malo a okosijeni m'magazi.

Munthu akamapuma mpweya wamba, theka la poizoniyu limachoka pakatha maola 4 kapena 5. M'chipinda cha hyperbaric, momwe wodwala amapuma okosijeni wopanikizidwa kawiri kapena katatu kuposa mpweya wapanja, zimatenga mphindi zosakwana 30.

Chithandizochi chimathandizanso kupoletsa zilonda za matenda a shuga, koma bungwe la FDA ku America silinachivomereze ngati mankhwala obweza ukalamba.

Wokomoka ndi mbaula atulutsidwe panja, athamangire naye kuchipatala.