"Chalowa" si "chagwirizana": mawu athu pa zingwe za magetsi m'kompyuta

Anthu amene amagula zipangizo chimodzichimodzi n'kudzilumikizira okha kompyuta ya patebulo amakonda kunena kuti "chingwe chalowa", nkhani n'kuthera pomwepo. Mneni ameneyu amandikayikitsa. Kulowa kumangotiuza kuti mutu wa chingwe wakwana pabowo, koma sikutiuza za magetsi amene akudutsa m'kati.

Tiyambe ndi mayina. PSU ndi bokosi lija limasandutsa magetsi a pakhoma kukhala mavoti 12, 5 ndi 3.3, ndipo zingwe zake zambiri timazitchula powerenga mapini. Chachikulu, chopita ku motherboard, n'cha mapini 24. Kale chinali cha mapini 20, m'dongosolo la ATX limene Intel idayambitsa mu 1995. Cha SATA chili ndi mapini 15. Koma chakale chija cha mapini 4 timangoti Molex, lomwe ndi dzina la kampani, monga momwe mankhwala aliwonse otsukira mano amasandukira kolugeti kugolosale.

Kutchula ndi nambala kumayenda bwino mpaka tikafika pa 8. Munthu akati "ndipatse cha eyiti", akunena chiti? Zilipo ziwiri. China chimapita ku CPU, ndipo nthawi zambiri chimagawika pakati, mapini 4 uku 4 uku. China ndi cha PCIe, chopita ku khadi la zithunzi, chimene chimagawika 6 ndi 2 ndipo chimanyamula mpaka mawati 150. Kuziona patali ungati mapasa, koma mzere umene uli ndi mavoti 12 pa china, pa chinzakecho ndi wobwezera magetsi. Opanga adaumba timabowo mosiyana, tina ta makona anayi, tina todulidwa m'mbali, kuti wolakwitsa alephere kulowetsa. Komabe pulasitiki imagonja munthu akakakamiza.

Pamene "chalowa" amapusitsa kwenikweni ndi pa PSU za zingwe zozula, zija azimzathu amati modular. Mutu wopita ku chipangizo ndi wofanana kulikonse, koma mutu wolowa m'bokosimo ulibe lamulo limodzi. Kampani iliyonse imasanja mawaya mmene ikufunira, ndipo nthawi zina mitundu iwiri ya kampani imodzi yomweyo imasiyana. Ndiye chingwe chotsala ku PSU yakale chitha kulowa bwinobwino mu yatsopano, mpaka kulira kuti "kwa", koma n'kutumiza mavoti 12 kumene kumayenera kupita 5. Hard disk imapsa nthawi yomweyo. Kale mitundu inkathandizako: waya wachikasu unali wa mavoti 12, wofiira wa 5, wakuda wobwezera. Masiku ano zingwe zambiri n'zakuda zokhazokha, eti pofuna kukongoletsa.

Chichewa chili kale ndi chida chosiyanitsira zimenezi, ndicho kamphatikiri ka -an-, kosonyeza kuchitirana. Mu "chalowa" wochita ndi mmodzi, chingwe basi. Mu "zagwirizana" mbali zonse ziwiri zavomera. Ine ndikadakonda tisunge "kulowa" ponena za maumbidwe a mutu, ndipo "kugwirizana" tizinena pokhapokha taona kuti chingwecho chidabwera ndi PSU yomweyo, kapena opanga adalemba kuti n'cha mtundu umenewo.

Palinso chingwe chimene kulowa kwenikweniko kumavuta: 12VHPWR, cha mapini 16, chonyamula mpaka mawati 600. Mu 2022 mitu ina idasungunuka pa makadi a RTX 4090, makamaka chifukwa chosakankhidwa mpaka kumapeto. Pamenepa ngakhale "chalowa" amafuna mnzake: chalowa chonse kodi, kapena changolowako?