Khutu silizolowera phokoso

"Muzolowera, ndi m'tauni muno." Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri kuno ku Blantyre munthu akadandaula za sipika ya pabala kapena ya mapemphero ochezera. Ine ndimakana. Khutu silizolowera phokoso, limangofa pang'onopang'ono mwini wake osadziwa.

M'kati mwenimweni mwa khutu muli timaselo tonga ubweya tomwe timalandira mawu. Timeneti tikawonongeka sitimeranso. Akatswiri amayeza kukula kwa phokoso m'madesibelo. Anthu awiri akamacheza amafika pafupifupi 60, ndipo m'maiko ambiri malire a pantchito ndi 85 kwa maola 8. Ndiye taganizirani mnyamata wa pachigayo amene amaima pambali pa injini kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, m'makutu mulibe kanthu. Akaweruka m'makutu mumalira, iye n'kumati ndi kutopa. Si kutopa kumeneko ayi.

Usiku ndiye nkhani imakula. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti m'chipinda chogona phokoso lisapitirire madesibelo 30. Munthu wosowa tulo usiku ndi usiku mtima wake supuma, BP imakwera, ukali umachuluka pakhomo, mwana amawodzera m'kalasi. Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi agogo odwala ndi amayi oyamwitsa, chifukwa alibe kothawira.

Sindikunena za nyimbo za pamaliro. Zimenezo n'za tonse, ndipo mawa zidzaimbidwa pakhomo pathu. Ndikunena za phokoso la tsiku ndi tsiku limene wina amapezerapo ndalama anzake akugona ndi maso.

Poyambira ndi kwa mwini phokosoyo. Pitani kwa iye masana, mitima ili pansi, osati pakati pausiku mowa utalowa m'mutu. Ambiri amatsitsa akauzidwa mwaulemu. Akakana, musalimbane naye nokha. Mutu umodzi susenza denga: sonkhanani makomo angapo, mupite kwa amfumu kapena kwa mkulu wa m'dera lanu, ndipo ngati ndi tchalitchi, kaonaneni ndi akulu a mpingo. Komiti ya chitetezo cha m'mudzi, yomwe imagwira ntchito ndi apolisi, nayonso ili ndi mawu.

Zikakanika pamenepo, njira ikulowera kukhonsolo. Ambirife timaiwala kuti bala siyitsegulidwa popanda chiphaso, ndipo chiphasocho chimachokera kukhonsolo, yomwe lamulo la maboma aang'ono la 1998 linaipatsa mphamvu yokhazikitsa malamulo a m'dera lake. Khansala wa wodi yanu munamusankhira zoterezi. Langizo langa ndi lakuti musangodandaula pakamwa. Lembani kalata, mutchule masiku ndi nthawi imene phokoso limayamba ndi kutha, onse okhudzidwa asainire, ndipo inu musunge kope lake. Mawu a pakamwa amatha ndi mphepo, kalata imakhala mufailo. Palinso lamulo la zachilengedwe la 2017, lomwe limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi osawononga thanzi, ndipo ndilo linakhazikitsa bungwe la MEPA loona za chilengedwe.

Uku mukutsata zimenezi, thupi musaliiwale. Alangizi a zaumoyo amene amabwera kusikelo ya ana amadziwa bwino za m'dera lanu, afunseni. Kuchipatala chaching'ono cha boma amayeza BP kwaulere. Palinso Chipatala cha pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011, komwe munthu amalankhula ndi azaumoyo ali pakhomo pake. Ngati m'makutu mukulira osaleka, kapena mwayamba kuuza anthu kuti abwereze zimene anena, pemphani kalata yokutumizani kwa akatswiri a makutu. Ku Blantyre ali ku Queen Elizabeth Central Hospital, ndipo ku Lilongwe kuli kiliniki ya makutu ku African Bible College. Mafuta kapena madzi a zitsamba musathire m'khutu.

Kwa eni mabala, eni zigayo ndi atsogoleri a mipingo, pempho langa ndi ili: tsitsani sipika usiku ukalowa, ndipo anyamata anu a pamakina muwagulire zotsekera m'makutu. Anthu amene akulephera kugonawo ndi makasitomala anu ndi akhristu anu omwe.