NJINGA NDI UMOYO WA ANTHU A M'TAUNI

Ambiri a ife timaona njinga ngati chokwera cha munthu wosauka. Koma m'mizinda ina ya ku Ulaya makhonsolo akulimbikitsa anthu kusiya galimoto ndi kupalasa njinga, ndipo akatswiri a zaumoyo afufuza phindu lake.

Kodi njinga zobwereka nchiyani?

Khonsolo imaika njinga zambiri m'malo osiyanasiyana a mumzinda. Munthu amalembetsa dzina ndi kulipira kangachepe. Akafuna kupita kuntchito amatenga njinga pamalo apafupi, napalasa yekha, nkukaisiya pamalo ena kumene akupitako. Mzinda wa Barcelona ku Spain unayamba zimenezi mu 2007, ndipo London inayamba mu 2010.

Zimene ofufuza anapeza

Mu 2011 ofufuza a ku Barcelona anawerengera za anthu oposa 180,000 amene analembetsa. Anayerekeza kupalasa njinga ndi kuyenda pa galimoto poona zinthu zitatu: ngozi zapamsewu, utsi umene wopalasa amapuma, ndi kulimba kwa thupi. Anapeza kuti kupalasako kumapewetsa imfa pafupifupi 12 pachaka, pamene imfa zoonjezereka chifukwa cha ngozi ndi utsi sizinkafika ngakhale imodzi.

Chifukwa chake nchakuti kugwiritsa ntchito thupi kumachepetsa matenda a mtima, a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Wopalasa mphindi 30 pa tsiku kwa masiku 5 wakwanitsa kale.

Kafukufuku wa ku London wa mu 2014 anaonjeza chenjezo. Phindu linali lalikulu kwa anthu achikulire, amene matendawa amawagwira kawirikawiri. Kwa achinyamata linali lochepa, ndipo pamene ngozi zachuluka likhoza kutheratu. Choncho phindu la njinga limadalira msewu umene ikuyendamo.

Nanga ife tikuphunzirapo chiyani?

Kuno kwathu anthu ambiri amayenda kale pansi kapena pa njinga. Chosowa ndi malo awo pa msewu. Wopalasa amalimbirana njira ndi maminibasi ndi magalimoto akuluakulu, ndipo akalizidwa hutala amathawira kungalande. Tikumbukirenso kuti wokwera kabaza salimbitsa thupi. Amene akukhetsa thukuta ndi womunyamulayo.

Misewu ya m'tauni imamangidwa ndi misonkho yathu. Tili ndi ufulu wofunsa khansala ndi phungu wathu ngati msewu watsopano udzakhala ndi njira ya njinga, ya oyenda pansi, malo owolokera ndi magetsi a usiku. Tifunse ntchito isanayambe, chifukwa phula likathiridwa kusintha kumavuta.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Ndi malo ati m'dera lathu amene opalasa njinga ndi ana asukulu amachita ngozi kawirikawiri?
2. Tingapite kwa yani ndi nkhaniyi, ndipo tipita liti?