Thupi lili pano, nanga maganizo ali kuti?

Tsiku lina ndinali kusikelo ya ana pansi pa mtengo wa mango, monga ndimachitira mwezi ndi mwezi. Mayi wina anabweretsa mwana wake wa miyezi 9. Ndinamupachika pasikelo, ndinayang'ana muvi, ndipo ndinalemba m'kabuku kuti akulemera makilogalamu 6. Mayiyo anayang'anitsitsa kabukuko nati, "Alangizi, mwezi watha munalemba 8. Kodi mwana angatsike chonchi osadwala?" Nditamuyezanso ndinapeza kuti akulemera makilogalamu 8 ndi pang'ono. Sikelo inali bwinobwino, wolakwa ndinali ine. Maso anga anali pamuvi, koma mtima unali pa ngongole ya banki m'khonde imene ndimayenera kubweza Lachisanu.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndinadzifunsa kuti, nanga ndikanalemba 8 kwa mwana amene watsikadi kufika pa 6, ndani akanaona kuti mwanayo akunyentchera? Achinyamata anzanga, m'nkhani ino tikambirana za luso loika maganizo pa chimene tikuchita pa nthawi imene tikuchichita. Pachingerezi amati mindfulness. Ndi luso laulere ndipo aliyense akhoza kuliphunzira.

Kodi vutoli ndi la anthu ochepa?

Ayi ndithu. Tonse tinawerengapo tsamba lathunthu la buku la sukulu, n'kufika pansi osakumbuka ngakhale liwu limodzi. Ena tinathirapo mchere kawiri mundiwo. Ena tinafika kugolosale n'kuiwala chimene anatituma.

M'chaka cha 2010, akatswiri awiri a pa yunivesite ya Harvard ku America, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert, anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa anthu 2,250. Ankawatumizira mafunso pafoni nthawi zosiyanasiyana kuwafunsa chimene akuchita, chimene akuganiza ndiponso mmene akumvera mumtima. Anapeza kuti pa mayankho 100 alionse, pafupifupi 47 anali a anthu amene maganizo awo anali kwina, osati pa ntchito imene anali kugwira. Anapezanso kuti anthuwo sankasangalala kwenikweni pa nthawi imene maganizo awo akuyendayenda. Izi zikutanthauza kuti pafupifupi theka la tsiku munthu amakhala ngati kulibe pamalo pamene ali.

Nthawi zambiri maganizo amathawira mbali ziwiri. Amabwerera kumbuyo, ku mayeso amene tinalephera, chibwenzi chimene chinatha kapena mawu amene wina anatinyoza nawo. Apo ayi amathamangira kutsogolo, ku fizi ya teremu ya mawa, ntchito imene ikusowa kapena lendi ya kumapeto kwa mwezi. Masiku ano kwabweranso foni. Uthenga wa pa WhatsApp ukangolira, munthu amasiya mnzake ali pakati pa nkhani.

Kodi chimachitika n'chiyani m'thupi?

Munthu akakumana ndi njoka panjira, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda mofulumira, mpweya umakhala wapamwambamwamba ndipo minofu imakungika kuti athawe kapena adziteteze. Zimenezi n'zothandiza chifukwa zimapulumutsa moyo. Vuto ndi lakuti thupi limachitanso chimodzimodzi munthu akamangoganizira zoopsa, ngakhale njoka palibe. Ukamabwereza nkhawa imodzimodzi kuyambira m'mawa mpaka usiku, thupi limakhala ngati likuthawa tsiku lonse. N'chifukwa chake munthu woganiza kwambiri amadandaula za mutu, kuuma kwa khosi ndi mapewa, kusowa tulo, kusafuna kudya ndi kupsa mtima msanga.

Thupi lomweli lili ndi njira yodzikhazikira pansi. Munthu akamatulutsa mpweya pang'onopang'ono, mtima umachepetsa liwiro. Apa m'pamene pali poyambira pathu, chifukwa mpweya timayenda nawo kulikonse.

Nanga pali ngozi yanji?

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Munthu wogawa maganizo pawiri amalakwitsa zonse ziwiri, ndipo zolakwa zina sizibwezeka.

Yoyamba ndi ngozi ya pamsewu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti woyendetsa galimoto amene akugwiritsa ntchito foni ali pachiopsezo chochita ngozi pafupifupi kanayi kuposa amene sakugwiritsa ntchito foni. Anzathu a kabaza, ya njinga yakapalasa kapena yamoto, aganizirepo bwino pamenepa, pakuti amanyamula moyo wa munthu wina kumbuyo.

Yachiwiri ikukhudza mankhwala. Alipo anzathu amene amamwa mankhwala tsiku lililonse, monga ma ARV, a khunyu kapena a TB. Munthu akamwa maganizo ali kwina, pakapita ola limodzi amayamba kudzifunsa kuti, "Kodi ndamwa kapena sindinamwe?" Kudumphitsadumphitsa ma ARV kumapatsa mpata kachirombo ka HIV kuti kachulukane m'thupi ndiponso kuti kayambe kupima mphamvu ndi mankhwalawo.

Yachitatu ndi kusamva mnzathu. Wachinyamata amene ali pamavuto kawirikawiri sanena mwachindunji. Amangoti, "Masiku ano zinthu sizikuyenda," kenako amayang'ana nkhope yako kuti aone ngati ukumvetsera. Akaona kuti maso ako ali pafoni, amasintha nkhani, ndipo mwina sadzayambanso.

Yachinayi ndi kuchita zinthu mopupuluma. Mkwiyo, mantha kapena chilakolako zikafika, munthu amene sazindikira zimene zikuchitika mumtima mwake amangotengeka. Amamenya mnzake, amabetcha ndalama ya fizi pa mpira, kapena amavomera zimene anzake akumukakamiza. Amadzazindikira mawa lake, madzi atatayika kale.

Nzeru imeneyi inachokera kuti?

Kukhala chete n'kumatsatira mpweya wako ndi mwambo wakale kwambiri, makamaka pakati pa Abuda a ku Asia. M'chaka cha 1979, Jon Kabat-Zinn anayambitsa maphunziro a masabata 8 pa sukulu ya zachipatala ya yunivesite ya Massachusetts ku America. Iye anachotsamo zachipembedzo n'kuyamba kuphunzitsa odwala amene anali ndi ululu wosatha komanso nkhawa. Kuchokera pamenepo njirayi inafalikira m'zipatala ndi m'sukulu za mayiko ambiri. Choncho Mkhristu, Msilamu ndi wina aliyense akhoza kuigwiritsa ntchito popanda kusiya chikhulupiriro chake.

Tisaganize kuti ndi za anthu olemera okha. M'chaka cha 2020, bungwe la WHO linatulutsa kabuku ka zithunzi kotchedwa Doing What Matters in Times of Stress, kophunzitsa anthu wamba njira zoterezi. Maphunziro amene kabukuka kanachokera anayesedwa kumpoto kwa dziko la Uganda pa amayi 694 othawa nkhondo ku South Sudan. Amayi amene anaphunzira nawo m'magulu kasanu anapezeka kuti nkhawa zawo zachepa poyerekeza ndi anzawo amene sanaphunzire. Ngati zinathandiza anthu amene anataya nyumba ndi abale pankhondo, ifenso zikhoza kutithandiza.

Tingayambe bwanji?

Choyamba, imani n'kutsatira mpweya wanu. Khalani pansi kapena imirirani, mapazi onse atagunda pansi. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga chamumtima mpaka 4, ndipo muutulutse pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6. Chitani zimenezi kasanu. Sizitenga mphindi yathunthu, ndipo mukhoza kuchita muminibasi, pamzere wa kuchigayo kapena mayeso asanayambe.

Chachiwiri, gwiritsani ntchito maso, makutu ndi khungu. Tchulani chamumtima zinthu zisanu zimene mukuona, monga khoma, nkhuku kapena nsapato ya mnzanu. Tchulani zinthu zitatu zimene mukumva m'makutu. Kenako zindikirani chimene thupi lanu likukhudza, kaya ndi benchi, mphasa kapena mphepo. Maganizo amatha kupita ku dzulo ndi ku mawa, koma maso ndi makutu amangodziwa za pano.

Chachitatu, itchuleni dzina nkhawa yanu. Mmalo molimbana nayo, nenani mumtima kuti, "Nayi nkhawa ya fizi yabweranso," kapena "Uwu ndi mkwiyo." Mukatero mumaiona ngati mlendo amene wafika pakhomo, amene mukhoza kumulonjera popanda kumupatsa nyumba yonse. Pakati pa kumva mkwiyo ndi kutukula dzanja pamapezeka kampata, ndipo m'kampata kameneko munthu amatha kusankha chochita.

Chachinayi, sankhani ntchito imodzi patsiku imene muziigwira ndi mtima wonse. Ikhoza kukhala kutsuka mbale, kutunga madzi pamjigo, kusesa pabwalo kapena kudya nsima. Ngati ndi kudya, ikani foni kutali, imvani kutentha kwa mbamu m'manja ndi kukoma kwa ndiwo mkamwa. Amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, sankhani nthawi ya mankhwalayo. Khalani pansi, liyang'aneni pilitsi lili m'dzanja, imwani, ndipo chongani pakalendala.

Chachisanu, mnzanu akamalankhula mvetserani mpaka amalize. Ikani foni m'thumba, osati pamwendo. Musamakonze yankho iye akulankhula. Akamaliza, bwerezani mwachidule zimene mwamva kuti atsimikize kuti mwamumvetsa.

Dziwani kuti maganizo adzathawabe, mwina kakhumi pa mphindi imodzi. Kumeneko si kulephera. Mbusa wa mbuzi sakwiya kuti mbuzi zalowera kumunda, amangozibweza, ndipo zikapitanso amazibwezanso. Luso lonse lagona pa kubwezako. Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho yambani ndi mphindi ziwiri kapena zitatu patsiku, osati ola lathunthu.

Kodi tisiye kuganizira za mawa?

Ayi. Wachinyamata ayenera kukonzekera tsogolo lake. Koma kukonzekera n'kosiyana ndi kudandaula. Wokonzekera amakhala pansi ndi pepala, amalemba vuto lake, amalemba njira ziwiri kapena zitatu zolithetsera, amasankha imodzi n'kudzuka kukaichita. Wodandaula amazungulira pamalo amodzi ngati ng'ombe yomangidwa pachikhomo, ndipo dzuwa limalowa asanachite kanthu.

Ine ngongole yanga ija sinathe chifukwa chokoka mpweya. Inatha nditapita kukakambirana ndi anzanga a gulu kuti ndibweze pang'onopang'ono. Koma nzeru yopita kukakambiranayo inabwera mtima utakhala pansi. Tsopano ndisanapachike mwana pasikelo ndimayamba ndatulutsa mpweya kamodzi, ndimatchula dzina la mwanayo, ndipo ndimawerenga nambala mokweza kuti mayi ake amve.

Pamene njirazi sizikukwanira

Njira zimenezi si mankhwala a matenda alionse, ndipo sizilowa mmalo mwa mankhwala amene mwapatsidwa kuchipatala. Komanso anthu ena amene anakumana ndi zoopsa, monga kugwiriridwa kapena nkhanza, akakhala chete atatsinzina amayamba kukumbukira zomwe zinawachitikira. Zikatero tsegulani maso, yang'anani zinthu zimene zakuzungulirani, kapena siyani kaye.

Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo mwakhala okhumudwa tsiku lililonse, simukusangalala ndi zimene munkakonda, simukugona kapena kudya bwino, pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi mukafotokoze. Ngati mukuganiza zodzipha, musadikire masabata awiriwo, uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira lero lomwe. Ana ndi achinyamata m'Malawi muno akhozanso kuimba mwaulere pa nambala ya 116.

Kulankhula ndi munthu kumathandizadi. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench mumzinda wa Harare m'chaka cha 2006. Agogo aakazi ophunzitsidwa bwino amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu amene akuvutika ndi kufungisisa, liwu la Chishona lotanthauza kuganiza kwambiri. Chida chachikulu cha agogowa ndi khutu lomvetsera ndi mtima wonse, ndipo khutu limenelo aliyense wa ife ali nalo.

Zochita pa kalabu yanu

Pamsonkhano wotsatira, musanayambe zokambirana, ikani mafoni onse m'chipewa kapena m'basiketi. Khalani chete kwa mphindi ziwiri, aliyense akutsatira mpweya wake. Kenako khalani awiriawiri. Mmodzi alankhule kwa mphindi zitatu za mmene sabata yake yayendera, winayo angomvetsera osamudula mawu, ndipo mukatero musinthane. Pomaliza kambiranani mafunso awa:

1. Kodi maganizo anu amakonda kuthawira kuti, kumbuyo kapena kutsogolo?
2. Ndi cholakwa chiti chimene munachitapo chifukwa maganizo anali kwina?
3. Munamva bwanji mnzanu atakumvetserani mpaka kumapeto osayang'ana foni?
4. Ndi ntchito iti imodzi imene muziigwira ndi mtima wonse sabata ino?

Mlembi wa kalabu alembe ntchito imene aliyense wasankha, ndipo sabata yamawa mudzafunsane mmene zayendera. Amene waiwala musamuseke, mungomulimbikitsa kuti ayambirenso tsiku lomwelo.