Mwana akapita ku koleji, khadi la ngongole likumudikira pageti

Chaka ndi chaka ana a anthu ochita geni m'misika ya Limbe, Tsoka ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu amanyamula zikwama kupita ku sukulu za ukachenjede. Ambiri amathera m'makoleji a konkuno, koma alipo ena amene amachita mphumi n'kupeza malo ku South Africa, ku Britain ngakhale ku America. Fizi yake imachokera mu tomato, m'kaunjika ndi mu usipa. Makolo amalangiza za mowa, za zibwenzi ndi za matenda, koma pali kanthu kena kamene ambiri sakatchula chifukwa nawonso sanakagwirepo: kapulasitiki kotchedwa khadi la ngongole.

Poliona, khadili silisiyana ndi lija timatapira ndalama pa makina a ATM. Kusiyana kwake kuli m'kati. Khadi la ATM limatulutsa ndalama zako zomwe unasungitsa, zikatha basi makina amakukana. Khadi la ngongole limagula ndi ndalama za banki. Banki imakuikira malire, iwe n'kumagula mabuku, nsapato kapena chakudya, ndipo mwezi ukatha imakutumizira chikalata cha zonse wadya. Ukabweza zonse tsiku loikika lisanadutse, palibe chiwongoladzanja. Ukabweza zochepa, zotsalazo zimayamba kuswana.

Inu amayi amene mumaoda katundu pa ngongole m'mawa n'kukapereka ndalama madzulo, nkhaniyi mukuidziwa kale. Koma woodetsa amakudziwani nkhope, ndipo tsiku limene malonda avuta mumatha kukamudandaulira. Banki ilibe nkhope yoti mwana wanu akaidandaulire.

Zinayambira kuti?

Khadi loyamba kutchuka linali la Diners Club, limene Frank McNamara ndi anzake anayambitsa ku New York m'chaka cha 1950 kuti anthu olemera azidya m'malesitilanti n'kulipira mwezi ukatha. Koma khadi lenileni lolola munthu kusiya ngongole kuti idutsire mwezi wina linabwera mu 1958, pamene Bank of America inatumiza makhadi 60,000 kwa anthu a mumzinda wa Fresno ku California. Anthuwo sanapemphe. Anangopeza khadi m'bokosi la makalata.

Zotsatira zake zinali zochititsa manyazi. Akuluakulu a bankiyo ankayembekeza kuti anthu 4 pa 100 aliwonse ndi amene adzavute kubweza, koma anapezeka kuti ndi 22 pa 100, ndipo banki inaluza mamiliyoni a madola. Sinagwe ulesi. Inakonza zolakwikazo, ndipo khadi lomwelo ndi limene linadzatchedwa Visa mu 1976. Mchitidwe wotumizira anthu makhadi asanapemphe unaletsedwa ndi lamulo ku America mu 1970. Ku Britain khadi loyamba linali Barclaycard, la mu 1966.

Malaya aulere, ngongole ya zaka

M'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mabanki a ku America anatulukira munda wa chonde: ana a chaka choyamba ku koleji. Sabata yotsegulira sukulu ankayala matebulo pabwalo la koleji ngati mavenda, n'kumagawa malaya, zipewa ndi chakudya chaulere kwa aliyense wolemba fomu. Mwana wa zaka 18, wopanda ntchito, ankatha kuchoka pamenepo atalembetsa makhadi awiri.

Mungafunse kuti banki ingakongoze bwanji munthu wosagwira ntchito? Masamu ake anali osavuta. Mwana akalephera, makolo amalipira poopa manyazi. Komanso munthu sakonda kusiya banki imene anayamba nayo, ndiye ukamukola ali wamng'ono wapeza kasitomala wa zaka zambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kafukufuku amene bungwe la Sallie Mae linatulutsa mu 2009 anapeza kuti ophunzira 84 pa 100 aliwonse a m'makoleji a ku America anali ndi khadi la ngongole, theka la iwo anali ndi makhadi anayi kapena kuposa, ndipo pogawa mofanana aliyense anali ndi ngongole ya madola 3,173. Ameneyo ndi mwana woti sanalandirepo malipiro a mwezi.

Madandaulo atachuluka, aphungu a dzikolo anakhazikitsa lamulo lotchedwa Credit CARD Act, limene Pulezidenti Barack Obama anasaina pa 22 May 2009 ndipo mbali zake zambiri zinayamba kugwira ntchito mu February 2010. Lamuloli likuti munthu wosakwana zaka 21 asapatsidwe khadi pokhapokha ataonetsa kuti ali ndi kopezera ndalama, kapena munthu wamkulu atamusainira. Linaletsanso kukopa ophunzira ndi mphatso pa koleji kapena pafupi ndi koleji. Chinanso, chikalata cha pamwezi chiyenera kumuuza munthu poyera kuti akamangolipira kandalama kochepetsetsa kamene banki imalola, ngongoleyo idzatenga zaka zingati.

Komabe lamulo silinathetse ludzu la ngongole. Mu 2023 ngongole zonse za pa makhadi ku America zinadutsa madola 1 thiriliyoni kwa nthawi yoyamba, ndipo chiwongoladzanja chake chinali chitakwera kuposa 20 peresenti pa chaka.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Msampha waukulu uli pa kandalama kochepetsetsa kaja. Chikalata chimabwera ndi manambala awiri: ngongole yonse, ndi kachigawo kakang'ono koti ukapereka banki sikuvutitsa. Maso a mwana amathamangira nambala yaing'onoyo.

Tiyerekeze m'makwacha kuti timvane. Mwana wagula foni ya K100,000 pa khadi la chiwongoladzanja cha 24 peresenti pa chaka. Ndiye kuti mwezi uliwonse ndi 2 peresenti, K2,000 mwezi woyamba. Akamapereka K2,500 pamwezi, K2,000 ikupita ku chiwongoladzanja, K500 yokha ndiyo ikuchepetsa ngongole. Pa mlingo umenewu adzatenga miyezi 82, pafupifupi zaka 7, ndipo adzakhala atapereka ndalama zoposa K200,000. Foniyo idzakhala itafa kalekale, digiri atalandira, mwinanso atakwatira, koma akulipirabe.

Mwana yemweyo akamapereka K10,000 pamwezi, ngongoleyo imatha m'miyezi 12 ndipo chiwongoladzanja chonse sichifika K13,000. Akabweza K100,000 yonse mwezi woyamba, banki sipeza ngakhale tambala ya chiwongoladzanja. Khadi ndi lomwelo, banki ndi yomweyo, chasiyana ndi kabwezedwe basi.

Palinso tinthu tina tolembedwa m'zilembo zing'onozing'ono. Kutapa ndalama zenizeni pa ATM ndi khadi la ngongole kuli ndi mtengo wake wapadera, ndipo chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo, palibe masiku achisomo. Kuchedwa kulipira ndi tsiku limodzi kuli ndi chindapusa. Makhadi ambiri amadulanso kangachepe ukagula chinthu cha ndalama za dziko lina. Safunsa anadya phula.

Ku South Africa ndi ku Britain

Kumene ana athu ambiri amapita, ku South Africa, munthu wa zaka 18 amatha kusaina yekha ngongole. Lamulo la National Credit Act la 2005, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira mu June 2007, limakakamiza wokongoza kuyamba wafufuza ngati munthuyo angathe kubweza, ndipo khoti lili ndi mphamvu yothetsa ngongole yoperekedwa mosasamala. Limapatsanso aliyense ufulu woona mbiri yake ya ngongole kwaulere kamodzi pa chaka. Koma mwana asamangoyang'ana banki yokha. Sitolo zikuluzikulu za zovala kumeneko zili ndi makhadi awoawo, ndipo achinyamata ambiri ngongole yawo yoyamba amaiyambira pa jini ndi nsapato.

Ku Britain nakonso zaka zake ndi 18. Kumeneko khadi lili ndi ubwino wina wolembedwa m'lamulo la Consumer Credit Act la 1974: ukagula chinthu cha pakati pa mapaundi 100 ndi 30,000, wogulitsa n'kukupatsa chowonongeka kapena n'kuthawa, banki nayo imakhala ndi mlandu wokubwezera ndalama.

Dziwaninso kuti m'maiko atatu onsewa, mwana wobwera pa chiphaso cha sukulu saloledwa kugwira ntchito maola oposa 20 pa sabata sukulu ili m'kati, ndipo ku America ntchitoyo kawirikawiri imayenera kukhala ya pa koleji pomwepo. Choncho akakuuzani pafoni kuti musadandaule abweza yekha, mufunseni kuti maola 20 amenewo akumupatsa zingati, nanga lendi ndi chakudya zikutha zingati.

Si kuti khadi ndi satana ayi

Tisanamizane, khadili lili ndi ntchito yake. M'maiko amenewa munthu amadziwika ndi mbiri yake ya ngongole. Pali makampani amene ntchito yawo ndi kusunga kaundula wa mmene aliyense amabwezera, ndipo mwini nyumba ya lendi, kampani ya foni kapena wogulitsa galimoto amayamba waona kumeneko. Wopanda mbiri amavutika pafupifupi ngati wa mbiri yoipa. Mwana amene amagula tinthu ting'onoting'ono pa khadi n'kumabweza zonse mwezi ndi mwezi amamaliza sukulu ali ndi dzina labwino, monga mmene mayi wosaphonya ku banki m'khonde amakhulupiriridwa ndi gulu lonse. Ku America mbiri yophonya kulipira imakhala m'kaundula zaka 7, ku Britain zaka 6.

Kwa mlendo wongofika kumene, mabanki ena ku America ali ndi khadi la chikole. Umasungitsa, tinene, madola 200, ndipo malire ako amakhala madola 200 omwewo. Ukalephera, banki imatenga chikolecho. Pophunzirira, limeneli ndiye labwino, chifukwa dzenje lake lili ndi pothera.

Ngongole ya madola imabwera kumudzi

Nanga zikukukhudzani bwanji inu muli pa benchi yanu ku Ndirande? Zikukukhudzani chifukwa mwana akapanikizika, foni yoyamba imalira kwa mayi ake. Ndipo ngongole yake ili m'madola, pomwe inu mumagulitsa m'makwacha.

Kumbukirani za November 2023, pamene Reserve Bank of Malawi inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kholo lomwe linkafuna kuthandiza mwana pa ngongole ya madola 500 linagona likuwerengera K590,000, n'kudzuka ikufunika K850,000. Mpamba wa K260,000 kupita usiku umodzi, osagula ngakhale dengu limodzi la anyezi. Ndipo uwo ndi mtengo wa ku banki, kumene madolawo sankapezeka chisawawa.

Achibale okhala kunja nawonso achenjere. Amalume kapena azakhali amene asainira mwana wa mlongo wawo adziwe kuti pamaso pa lamulo ngongoleyo ndi yawonso. Mwana akathawa, banki imagogoda pakhomo pawo, ndipo dzina limene limada ndi lawo. Maubale ambiri aphwasukapo ndi ndalama zochepa kuposa zimenezi.

Nanga ana a konkuno?

Kuno kwathu makhadi ambiri amene anthu amayenda nawo ndi otapira ndalama zawo zomwe, ndipo a ngongole ndi ochepa, makamaka a anthu apantchito za malipiro abwino. Koma mtima wa idya lero ulipire mawa unalowa kale kudzera pafoni. Mwana amayambira kukongola mayunitsi, mawa akukongola ndalama pafoni pomwepo, mkuja ali kwa wa katapila kuseri kwa hositelo atapinyolitsa laputopu imene munagula mutagulitsa mabelo awiri a kaunjika.

Dziko lino nalonso lili ndi lamulo la makampani osunga mbiri ya ngongole, la chaka cha 2010, ndipo mabanki amaona kumeneko asanakongoze munthu. Ngongole ya sukulu yochokera ku bungwe la boma la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, nayo ndi ngongole yofunika kubweza. Mwana wolowa m'dziko ndi ngongole imeneyi asamawonjezerepo zina za nsapato ndi mowa.

Choncho musanamuperekeze ku depoti kapena ku bwalo la ndege la ku Chileka, mukhazikeni pansi monga mumachitira ndi wantchito watsopano pa benchi. Khadi likhale limodzi, la malire ochepa. Agulire zokhazo zimene ndalama yake ili kale m'thumba. Abweze zonse mwezi uliwonse, tsiku lisanakwane. Asatapire ndalama pa ATM, asabwereke mnzake ngakhale chibwenzi, ndipo nambala yachinsinsi ikhale yake yekha. Akaona kuti mwezi uno zikanika, anene msanga ngongole idakali yaing'ono.

Inu amene mumadziwa kusiyanitsa mpamba ndi phindu, palibe pulofesa angakuposeni pa phunziro limeneli. Muphunzitseni mwanayo asanakumane ndi fomu ya banki.