Mapepala kapena tabuleti: komwe ndalama za kafukufuku wa zaumoyo zimapita

Pamene nthambi ya boma yoona za chiwerengero cha anthu ya National Statistical Office, NSO, idatumiza magulu ake m'maboma onse mu Okutobala 2015 kukayamba kafukufuku wa zaumoyo wa Malawi Demographic and Health Survey, alembi sadasenze mitolo ya mafomu monga zidalili m'zaka za 1992, 2000, 2004 ndi 2010. Aliyense adapatsidwa tabuleti momwe mudali mafunso onse, ndipo pofika mu Febuluwale 2016 adali atacheza ndi amayi 24,562 komanso abambo 7,478.

Chichokereni nthawi imeneyo, funso lomwe limabwerabwera pa misonkhano yokonza bajeti m'maunduna ndi m'makhonsolo ndi lakuti kodi njira yotsika mtengo ndi iti pakati pa ziwirizi. Funsoli lakula mphamvu kuchokera mu 2025, pomwe boma la America lidaimitsa thandizo lomwe linkapita ku kafukufuku wa mtunduwu m'maiko ambiri kudzera ku bungwe la USAID. Ndalama zomwe kale zinkachokera kwa abwenzi akufuna kwabwino tsopano zikuyenera kufunidwa kwina, ndipo mbali ina idzachoka m'thumba la boma.

Vuto lomwe limakhalapo poyerekeza ndi lakuti mtengo wa tabuleti umaonekera pamalo amodzi, pa tsiku logula, pamene mtengo wa mapepala umabisala m'mizere yambiri ya bajeti. Mkulu woona za chuma akaona mtengo wa makina mazana angapo amadzidzimuka, koma sawerengera pamodzi zonse zomwe fomu imodzi imadya kuyambira kosindikiza mpaka mayankho ake atalowa mu kompyuta.

Fomu ya mafunso a amayi yokha imakhala ndi masamba makumi angapo, ndipo imasindikizidwa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, kuonjezapo ina yapadera poopa kuti ina inyowa kapena kuonongeka. Ikadzazidwa, mkulu wa gulu kapena woona zolakwika amaiwerenga tsamba ndi tsamba asadachoke m'mudzimo. Kenaka galimoto imatuta makatoni kupita nawo ku likulu ku Zomba, komwe anthu ena amawalandira, kuwalemba m'kaundula ndi kuwasanja. Chodula kwambiri chimabwera pamapeto: fomu iliyonse imalowetsedwa mu kompyuta kawiri ndi anthu awiri osiyana, ndipo pomwe awiriwo asemphana pamafunika munthu wachitatu kuti akatsegule katoni ndi kuona zomwe zidalembedwa. Anthu onsewa amalipidwa kwa miyezi, amafuna chipinda, makompyuta ndi magetsi, ndipo ntchito ikatha mapepalawo amafunabe nyumba yosungiramo kwa zaka.

Chofunika kuchimvetsa ndi chakuti ndalama zimenezi zimakwera limodzi ndi chiwerengero cha anthu ofunsidwa. Mabanja akachuluka kawiri, mapepala ndi masiku olowetsa mayankho amachulukanso kawiri.

Tabuleti imayenda mosiyana. Ndalama zake zambiri zimatuluka munthu woyamba asadafunsidwe n'komwe: kugula makinawo, zikwama zake, mabatire apadera, ndi kulipira katswiri woti aike mafunso mu pulogalamu ndi kuiyesa mobwerezabwereza. Mapulogalamu eniakewo ambiri ndi aulere. CSPro, yomwe idagwiritsidwa ntchito mu 2015, imaperekedwa ndi nthambi ya kalembera ya dziko la America. Survey Solutions ndi ya World Bank. Ndipo Open Data Kit idayambira pa sukulu ya ukachenjede ya Washington mu 2008. Koma ulerewu umanyenga ambiri, chifukwa munthu wodziwa kuikonza ndi kuithandiza ikavuta ku dera lakutali sapezeka mwaulere. Maphunziro a alembi nawonso amatalika chifukwa ayenera kudziwa mafunso komanso makina.

Zonsezi zikalipidwa, banja lililonse loonjezera silidya ndalama zambiri. N'chifukwa chake tabuleti imapindulitsa pa kafukufuku wamkulu kapena wobwerezedwa chaka ndi chaka, pamene ofesi ya zaumoyo ya pa boma yomwe ikufuna kufunsa mabanja mazana awiri kamodzi kokha ingathe kuononga ndalama zambiri pogula makina kusiyana ndi kusindikiza mafomu. Ofesi yotere ingachite bwino kubwereka makina omwe boma lili nawo kale.

Pali zina za m'dziko muno zomwe sizingalambalalidwe. Kafukufuku yemweyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mabanja 11 mwa 100 alionse ndiwo adali ndi magetsi, ndipo kumudzi adali 4 okha. Gulu lomwe lagona pa sukulu ya pulayimale yopanda magetsi liyenera kutchaja makina pa galimoto, pa sola kapena pa jenereta, ndipo zonsezi ndi ndalama. Pomwe netiweki kulibe, mayankho amasungidwa m'makinamo mpaka gululo litafika pa malo pomwe ingagwire. Komanso tabuleti zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, kotero kutsika mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kudakweza mtengo wake nthawi yomweyo, ngakhale kuti mapepala ndi inki nazonso zimachokera kunja komweko.

Mbali yomwe imavuta kuiika m'makwacha ndi ya zolakwika. Pa pepala mlembi wotopa angathe kudumpha funso, kulemba kuti mayi wa zaka 19 ali ndi mwana wa zaka 15, kapena kufunsa za katemera wa mwana yemwe sadayenera kufunsidwa, ndipo cholakwikacho chimadzaoneka ku Zomba patapita masabata, gulu lili ku boma lina. Kubwereranso ku Chitipa kapena ku Nsanje chifukwa cha mafomu ochepa ndi mafuta ambiri, kotero nthawi zambiri mpatawo umangosiyidwa. Tabuleti imakana yankho losatheka mayiyo adakali pa mphasa pomwepo, ndipo imatsogolera mlembi ku funso loyenera. Imalembanso nthawi yomwe kucheza kwayamba ndi kutha, zomwe zimathandiza kugwira amene amadzaza mayankho ali pansi pa mtengo osalowa pakhomo la munthu. Chomwe siingathe ndi kudziwa ngati funso lafunsidwa bwino, kapena ngati woyankha wanena zoona.

Za liwiro, umboni udaoneka kale ku Tanzania. Mu 2004 akatswiri a ku Ifakara adayendera mabanja opitirira 21,000 kummwera kwa dzikolo ndi timakompyuta tam'manja, ndipo mayankho onse adali okonzeka patangotha tsiku limodzi ntchito ya m'midzi itatha. Kuno kwathu kalembera wa mu Sepitembala 2018, yemwe adapeza anthu 17,563,749, adachitika ndi tabuleti, ndipo zotsatira zoyambirira zidatuluka mu Januwale 2019.

Komabe akuluakulu asayembekezere kuti makina afupikitsa chilichonse. Ntchito ya m'midzi ya kafukufuku wa 2010 idatha mu Novembala ndipo lipoti lomaliza lidatuluka mu Sepitembala 2011. Ya kafukufuku wa pa tabuleti idatha mu Febuluwale 2016 ndipo lipoti lake lidatuluka mu Febuluwale 2017. Kuyeza magazi ku labotale, kusanthula ziwerengero, kulemba ndi kuvomereza lipoti zimatenga nthawi yake, kaya mayankho adabwera m'katoni kapena pa intaneti.

Chinanso chomwe chimaiwalika m'mkangano umenewu ndi chakuti gawo lalikulu la ndalama za kafukufuku silikhala pa pepala kapena pa makina ayi. Limakhala pa galimoto, mafuta, malipiro ndi ndalama zogonera za anthu omwe amakhala m'midzi kwa miyezi inayi kapena kuposerapo, ndipo zimenezi sizisintha kwenikweni. Amene akulonjeza kuti tabuleti idula bajeti yonse pakati ayenera kufunsidwa kuti aonetse mzere womwe ndalamazo zichoke.

Pamapeto pake mtengo wa tabuleti umadalira zomwe zimachitika kafukufuku akatha. Makina ogwiritsidwa ntchito kamodzi n'kutsekeredwa m'sitolo ya unduna amafa mabatire ndipo pulogalamu yake imatha ntchito pasadathe zaka zambiri, pamene ogwiritsidwa ntchito pa kafukufuku anayi kapena asanu amagawa mtengo wake pa ntchito zonsezo. Izi zimafuna kaundula wa makina, munthu woyankha za iwo, ndi mgwirizano wobwerekana pakati pa nthambi za boma. Asadaperekedwe kwa ena, mayankho onse a m'menemo ayenera kufufutidwa, chifukwa muli maina, malo okhala ndi nkhani za matenda a anthu, zomwe lamulo la National Statistics Act la 2013 komanso la Data Protection Act la 2024 likuti zisungidwe mwachinsinsi.